Botolo Lachisanu

"Kalatayo isatuluke m'nyumba muno, alamu. Ibwezeni pomwe mwaitenga."

Telala ankayankhula ataimirira pakati pa balaza, tepi ili m'khosi, sizasi ili m'manja ngati waiwala kuti waigwira. Mlamu wake, mkulu wa mkazi wake, sanaibweze kalatayo. Anaipinda pawiri n'kuilowetsa m'thumba la juzi.

"Dzina lili pa kalatayi ndi la mng'ono wanga, si lanu," anatero mlamuyo. "Amuitana kuchipatala chachikulu pa 19. Tsiku limeneli ndachita kulipempha chogwada."

"Pa 19 mwezi wamawa! Masabata asanu! Kodi chotupa cha m'berecho mwagwirizana nacho kuti chiyambe chaima kaye? Adokotala athu pano akuti Lachisanu lomwe lino achichotsa, nkhani ithe."

"Adokotala anuwo ndi a amayi apakati ndi anthu othyoka miyendo. Bere ndi nkhani ina."

"Si omwewo anamung'amba potulutsa mwana wathu wachiwiri? Anafa? Mwanayo si uyo ali ku sekondale?"

"Alamu, mundimvere. Wodi imene ndimakolopa ine ndi ya mawere okhaokha. Zaka khumi ndi chimodzi ndili momwemo. Lachiwiri ndi Lachinayi amalowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni anayi, pena asanu. Manja a madokotala aja anazolowera."

Telala anaseka kuseka kopanda mano, n'kuponya sizasi patebulo.

"Ndi zimenezotu ndikukana ine! Asanu pa tsiku, ngati kubutchala. Ndinabwerako kuja kudzakuonani. Anthu ali mbwee m'khonde, ena atagona pansi, fungo losaneneka. Mkazi wanga akakhale nambala pa mzere? Kuno ali ndi chipinda chakechake, dokotala amamudziwa dzina. Inu ntchito yanu ndi mopu, alamu. Musatiphunzitse udokotala."

Mawuwo atangotuluka, anaona kuti apitirira. Mlamu wake anangotembenukira kwa mng'ono wake, amene nthawi yonseyi anali chete pampando wa pakona, dzanja lili m'kati mwa bulauzi.

"Iwe, thupi ndi lako. Ukuti bwanji?"

Mkazi wa telala anakweza maso.

"Achemwali, ndikamasamba ndikuchita kuopa dzanja langa lomwe. Tsiku lililonse ndikuona ngati chakula. Masabata asanu sindingakwanitse. Achotse basi, ndipume."

Mlamu anatenga chikwama chake. Atafika pakhomo anagwira thumba la juzi lija.

"Kalatayi ndikusungirani," anatero, n'kutuluka osatsanzika.

Chipatala cha pafupi chinali chaching'ono, chopaka laimu, chokhala ndi maluwa m'mphepete mwa khonde. Makatani a m'zipinda zake anasoka ndi telala yemweyo, ndipo dokotala wa pamenepo anali kasitomala wake wa masuti, munthu wa nthabwala amene ankamuitana kuti "bwana wa singano". Lachisanu lija telala anakhala pabenchi ola limodzi ndi theka, akupinda ndi kupindula chipewa chake. Dokotala anatuluka akuvula magolovesi, akumwetulira.

"Zonse zatuluka, bwana wa singano. Bere tasiya, tangochotsa chotupa. Kanyamako titumiza ku labu kuti akakayeze, pakatha masabata awiri tidziwa dzina la mlendoyu."

Telala anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. Tsiku lomasula bandeji anawerama n'kuyang'anitsitsa chilondacho ndi diso la ntchito yake. Msoko unali wowongoka, mipata yofanana, popanda pokwinyika.

"Amayi ake, munthu uja akanakhala telala bwenzi atandilanda makasitomala," anatero, ndipo mkazi wake anaseka mpaka kugwira pachilonda.

Kusekako sikunakhalitse. Sabata yachitatu, kumapeto kwa chilonda kunayamba kuchucha madzi. Mkono unkalemera moti mkaziyo ankalephera kuyanika zovala pa chingwe. M'mawa wina anamugwira dzanja mwamuna wake n'kulilowetsa kukhwapa kwake. Telala anamva kanthu kolimba, ngati dzira la nkhunda.

"Ndi mwanabere chabe ameneyo," anatero dokotala iwo atapitako. "Chilonda chilichonse chimabwera ndi mwanabere. Amwe mapilisi awa."

"Nanga zotsatira zija?"

"Zili m'njira. Anthu a ku labu mukuwadziwa."

Sabata yachinayi, pambali pa msoko wokongola uja panatukuka mzere wolimba. Zotsatira zinali zidakali m'njira.

Pa 19 m'mawa mlamu anafika. Telala sanamupatse moni, mlamuyonso sanamupatse. Analowa kuchipinda, anamuveka mng'ono wake juzi, n'kutuluka naye atamugwira pa mkono wabwino. Telala anakhala pa makina, phazi lili pa chopondera, osaponda. Atamva geti likutsekedwa anadzuka, anakhoma shopu, n'kuwathamangira kokwerera basi.

Chipatala chachikulu chinali monga anachisiyira: phokoso, machira odutsana, mabenchi odzaza mpaka pakhomo. Koma tsopano, atakhala pakati pa anthuwo, anayamba kumva zimene ankakambirana. Mayi wina wonenepa amene anakhala pafupi naye ankasenda lalanje uku akuseka anzake ometeka mitu ndi mankhwala.

"Musadandaule, tsitsi limamera. Langa linabwera lopotana ngati la khanda, amuna anga mpaka nsanje."

"Inunso mukudikira opaleshoni, mayi?" anafunsa telala.

"Ine? Anandichotsa kalekale, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Ndimangobwera kudzaonetsa kuti ndilipo." Analoza ndi kachidutswa ka lalanje. "Awo zaka zinayi. Awo zisanu ndi zitatu, ndiye akuluakulu athu pano."

Telala anawayang'ana amayiwo mmodzimmodzi. Sanaganizepo kuti pa mzere umene ankaunyoza uja pamakhala anthu obwerera.

Anawaitana dzuwa litapendeka. Dokotala wake anali mayi wamfupi waimvi, wovala nsapato zamasewera zakutha. Anapereka moni mwachidule, anamugoneka wodwalayo, n'kuyamba kupapasa. Zala zake zinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msoko, zinakwera kukhwapa, zinafika pamwamba pa fupa la m'khosi. Kenako anaima. Anatsegula chitseko n'kuitana anzake awiri, ndipo nawonso anapapasa. Dokotala waimvi uja anatembenukira kwa wodwalayo.

"Mayi, asanakuchekeni anakubayani kuti atenge kanyama kokayeza?"

"Ayi."

"Anakujambulani?"

"Ayi."

"Kukhwapaku anakugwiraniko opaleshoni isanachitike?"

"Ayi, adokotala."

"Zotsatira za chimene anachotsacho zili kuti?"

"Akuti zili m'njira," anayankha telala. Ndipo poona kuti onse akumuyang'ana, anawonjezera ndi mawu ang'ono, "Koma anasoka bwino, adokotala."

Dokotalayo anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo.

"Msoko ulibe vuto, bambo. Vuto lili pansi pake. Mmene ndikumvera ndi zala zangazi, mpeni unadutsa m'kati mwa chotupa. Mbali ina inachoka, ina inatsala, ndipo ikukula. Zakukhwapazi si mwanabere wa chilonda. Tiyeza kuti titsimikize, koma ndisakunamizeni, ndi khansa imene ndikuiganizira."

Mkazi wa telala anatseka maso. Mkulu wake anamugwira phazi.

"Chotupa cha msinkhu umene mukunenawu sitiyamba ndi mpeni," anapitiriza dokotalayo. "Timayamba tadziwa mtundu wake, kenako mankhwala kuti chifote, mpeni pambuyo. Ndipo sindigamula ndekha. Ine ndimacheka mawere oposa zana pa chaka, komabe sabata iliyonse timakhala pansi ndi wa ku labu, wojambula ndi wa mankhwala, kukambirana wodwala aliyense. Ntchito imeneyi imafuna kuichita kawirikawiri, ndiponso muli gulu."

"Ndiye tikanadikira masabata asanu aja..." Telala sanamalize.

"Kudikira si kwabwino, ndipo mzere uli panjawo umandipweteka ine kuposa inu. Koma tikanayambira pabwino kuposa pamene tili lero." Anaimirira. "Pitani mukatenge zotsatirazo. Ngati palibe, mukatenge chimene anachotsacho. Ndikuchifuna mawa."

M'mawa mwake telala anafika pachipatala cha pafupi maluwa akuthiriridwa. Dokotala anali ku fiyeta. Telala anapeza nesi wamkulu, mayi wachikulire amene mayunifolomu ake ankasokedwa ku shopu kwake, akulongedza mabandeji.

"Anesi, ndabwera kudzatenga zotsatira za mayi a kunyumba. Akuzifuna kuchipatala chachikulu lero."

Nesiyo anasiya kulongedza. Anayang'ana kumanzere ndi kumanja kwa khonde.

"Apita kuchachikulu?"

"Dzulo."

"Ati bwanji?"

Telala anamuuza. Nesi anatulutsa makiyi m'thumba.

"Bwerani. Ine ndatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume pa ntchito, koma bwerani."

Anamutengera kuseri, kuchipinda chosungiramo katundu. Munali makatoni a magolovesi, sikelo yothyoka ndi matiresi akale oimikidwa kukhoma. Nesi anasuntha katoni imodzi pa shelefu ya pamwamba. Kuseri kwake kunali mabotolo asanu a kukamwa kwakukulu, otsekedwa bwino, lililonse lili ndi kanyama kotuwa m'madzi achikasu. Pa lililonse panamatidwa pulasitala wolembedwa dzina ndi tsiku. Anayi anali ndi fumbi. Lachisanu linali loyera, ndipo dzina lake telala analiwerenga kawiri ngakhale ankalidziwa kuposa lake.

"Silinapite?"

"Galimoto imene inkatenga zinthu za ku labu inasiya kubwera zaka zitatu zapitazo. Ndikawakumbutsa amati mawa. Odwala akafunsa amati zili m'njira."

"Nanga awa?"

"Ndi amayi a mawere amene tinachekapo pano."

"Chaka chino?"

"Chiyambire, a telala. Onse ndi omwewa."

Telala anawerenganso mabotolo aja. Asanu. Kuchipatala chachikulu chija akanatha tsiku limodzi. Anatambasula dzanja n'kupukuta fumbi pa botolo loyamba ndi chala. Dzinalo sanalidziwe. Lachiwirinso ayi. Pa lachitatu chala chinaima. Linali dzina la mkazi wa mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya kumtunda, amene anamwalira chaka chatha. Telala ananyamula nawo bokosi lake. Ankakumbukanso kuti dokotala anabwera pamaliropo atavala suti yakuda imene iye anasoka, ndipo anthu anamuyamikira kuti ndi munthu wa anthu.

"Mwa anayiwa, amoyo alipo angati?"

Nesi anayang'ana pansi.

"Mmodzi ndinamva kuti anasamukira kwa ana ake. Za iyeyo sindikudziwa."

Telala anatsitsa botolo la mkazi wake. Linali lozizira, lopepuka kuposa mmene ankaganizira. Anatuluka nalo chomwecho, osalikulunga, ndipo pakhonde anakumana ndi dokotala akuchokera ku fiyeta, chipewa chobiriwira chili kumutu.

"Bwana wa singano! Odwala athu ali..." Maso ake anagwera pa botolo.

"Zotsatira zija ndakumana nazo m'njira, adokotala. Ndi izi."

"Tiyeni mu ofesi."

"Pompano pali bwino. Mawere mwachekapo angati?"

"Bambo, ine ndachita maopaleshoni mazanamazana. Mwana wanu yemwe..."

"Sindikunena za ana. Mawere."

Anthu amene anali pabenchi anatembenuka kuwayang'ana. Dokotala anavula chipewa chija n'kuchifinya m'dzanja.

"Simunandifunse," anatero motsitsa mawu.

"Ndikanadziwa bwanji kuti n'zofunsa? Wophunzira ndi inu!"

"Munabwera nokha, misozi ili m'maso, mukuti msanga, msanga. Ndikanakubwezani bwenzi mukuti ndine wouma mtima. Kuja anthu amafera pa mzere, mukudziwa inu. Ndiponso eni chipatala chino safuna kumva kuti tikutumiza odwala kwina. Ndinachita zimene ndikanatha."

"Ine munthu akabwera ndi nsapato yong'ambika ndimamuuza kuti pitani kwa wosoka nsapato. Singano ndili nayo, ulusi ndili nawo, koma ndimamuuza. Nsapato, adokotala! Inu munthu wamoyo, mayi wa ana anga, simunathe kutsegula pakamwa n'kunena kuti izi sindizichita kawirikawiri?"

Dokotala anayang'ana kumbali.

"Botolo lachiwiri litakhala pa shelefu paja, simunaope? Lachitatu? Munapita kukalira nawo maliro, botolo lake lili kuseri kwa makatoni!"

Telala anafuna kunena zina, koma nesi anafika ndi thawulo, analikulunga botolo lija, n'kumukankha pang'ono pamsana.

"Basi ikusiyani. Muligwire choimika."

Ulendo wonse analigwira choimika pamiyendo, ngati khanda. Pakhomo la wodi anapeza mlamu wake akukolopa. Mlamuyo anasuzumira m'thawulo, ndipo nkhope yake inagwa.

"Mpaka lero?"

"Alipo asanu pa shelefu paja." Telala analivundikiranso botololo. "Alamu, ndinakunyozani pamaso pa mng'ono wanu."

"Zimenezo tidzakambirana akachira. Pondani m'mbalimu, pakatipa n'ponyowa. Labu ili kumapeto, chitseko chabuluu."

Zotsatira zinatuluka patatha masiku khumi. Inali khansa, ya mtundu wothamanga, ndipo inali itafika kukhwapa. Dokotala waimvi uja anawauza dongosolo lake mosabisa: miyezi ya mankhwala a m'diripi, kenako opaleshoni ina yochotsa bere lonse ndi za kukhwapa, kenako kuwotcha ndi makina.

"Achira?" anafunsa telala.

"Sindilonjeza zimene sindikuzidziwa. M'mapapo ndi m'chiwindi simunafike, ndiye tili ndi pogwira. Lolemba tiyamba."

Za mabotolo ena anayi aja telala sanamuuze mkazi wake. Koma tsiku lachitatu chilandirire diripi yoyamba, masana, mkaziyo anatuluka kuchipinda n'kudzakhala pampando wa makasitomala m'shopu, beseni lili pafupi chifukwa cha mseru. Anamuyang'ana mwamuna wake akusoka kolala imodzimodziyo kachitatu.

"Abambo ake, achemwali akuti ndikufunseni za shelefu."

Makina anaima.

"Mudwale kaye, amayi ake. Zinazi..."

"Ndikudwala kale. Nenani."

Anamuuza zonse: chipinda chija, makatoni, fumbi, mayankho a dokotala. Mkaziyo anamvetsera osaphethira.

"Ndiye ine ndinali wachisanu."

"Ndine ndinakupititsani kumeneko. Ndinakuwa m'nyumba muno ngati ndikudziwa kanthu."

"Ndinavomera ndi pakamwa panga. Tonse tinavomera tili mumdima, ndipo amene anali ndi nyali anaibisa." Anapuma pang'ono. "Enawo ndi ndani?"

"Awiri sindikuwadziwa. Wina akuti anasamuka." Anazengereza. "Wina ndi mayi a kwa aphunzitsi aakulu."

Mkaziyo anagwira pakamwa.

"Mayi aja? Amene tinkaimba nawo kwaya?"

"Omwewo."

"Mukudziwa zimene aphunzitsi anandiuza titapita kukawapepesa? Anati, 'Ndine ndinachedwa naye. Adokotala anayesetsa, koma ndine ndinachedwa.' Mpaka lero bambo aja amayenda chowerama, akudziimba mlandu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Akudziwa za botolo?"

"Angadziwe bwanji?"

"Pitani mukawauze."

"Amayi ake, munthu wayamba kumene kuiwala. Ndikamutsegulenso bala?"

"Sanaiwale. Mukawauze, ndipo mukapite nawo limodzi kwa amene amayang'anira madokotala. Iwo amatha kulemba makalata, inu munaona ndi maso. Anesi aja asanapume pa ntchito, mabotolowo asanatayidwe m'dzenje."

"Panopa?"

"Ine sindithawa. Beseni langa lili pompa."

Telala anachotsa tepi m'khosi n'kuipachika pa msomali. Njira ya kusukulu inali yokwera, ndipo anaiyenda pang'onopang'ono, akuyesa mawu m'mutu, onse akukanika. Ana anali ataweruka. Mphunzitsi wamkulu anali pakhonde la nyumba yake, mulu wa makope uli patebulo, cholembera chofiira chili m'manja. Atamuona anavula magalasi n'kumwetulira.

"A telala! Mwachita kubwera nokha? Musandiuze kuti buluku langa lija latha, ndingakomoke."

Telala anaima pa sitepe ya m'munsi, chipewa chili m'manja.

"Buluku silinathe, aphunzitsi. Ndabwera ndi nkhani ya malemu amayi."

Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Mphunzitsiyo anatseka kope limene ankachonga, anavundikira cholembera, n'kuchotsa mabuku pampando wachiwiri.

"Khalani," anatero.